Kusenza chikwama m'mapiri a ku Scotland: mafunso a wophunzira wobwera

Mwezi wa September ukafika, m'mayunivesite a ku Glasgow, Edinburgh, Dundee ndi Aberdeen mumalowa ophunzira ochokera kwathu kuno, ena pa thandizo la Chevening, ena la Commonwealth kapena Beit Trust, enanso pa thumba la makolo. Ambiri chaka chimatha akudziwa njira ya kukalasi, ya kulaibulale, ya kusitolo yotchipa ndi ya kutchalitchi, basi. Amabwerako ndi digiri, dziko limene anakhalamo osaliona. Ine ndinaphunzira ku Glasgow, ndipo ulendo wanga woyamba wogona kutchire, katundu ali kumsana, unali wa njira yotchedwa West Highland Way. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amandifunsa achinyamata okonzekera kupita, ena ndi a makolo awo.

Mwana wapita kukaphunzira. Nthawi yoyendayenda m'mapiri aitenga kuti?

Ili ndi la makolo, ndipo n'lomveka. Digiri ya masters ku Britain ndi ya chaka chimodzi, ndiye ntchito yake ndi yothinana. Makalasi amayamba mu September, mayeso omaliza amagwa cha mu April ndi May, kenako munthu amatsala ndi kafukufuku woti apereke cha mu August. Pakati pa mayeso ndi kafukufukuyo pamakhala kampata. Sabata imodzi yochotsa pamenepo siigwetsa munthu, bola awauziretu aphunzitsi omuyang'anira.

Mwayi wake, kampatako kamagwa pa nyengo yabwino. Kumapeto kwa May ndi mu June dzuwa ku Glasgow limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo 5 koloko m'mawa isanakwane kunja kwayera kale. Amene anaona December, pamene mdima umagwa 4 koloko masana isanakwane, amadziwa kukoma kwa zimenezi. Miyezi yozizira ija ndiyo imapweteka mlendo. Umachoka kunyumba kuli mdima, kubwerako kuli mdima, anzako a m'nyumba aliyense wadzitsekera kuchipinda kwake, foni yakumudzi ikalira usiku mtima uli phaa poopa uthenga wa maliro. Munthu amatuluka m'miyezi imeneyi atafota ndi kupukwa. Woteroyo akayenda panja masiku angapo, kafukufuku amakamuyamba mutu uli wopepuka.

Bwanji osangokwera ndege kupita ku Paris kapena ku Rome, monga amachitira anzawo a m'kalasi?

Pasipoti. Mnzako wa ku Germany kapena ku Spain amagula tikiti Lachinayi, Loweruka ali pa chithunzi ku Rome. Viza ya maphunziro ya ku Britain siimakulowetsa m'mayiko a Schengen. Mwini pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe ayenera kupempha viza ina, kulipira mayuro 90, kuonetsa zikalata za kubanki, inshuwalansi ndi malo okagona, n'kudikira tsiku lokaonekera, lomwe nyengo yotentha limavuta kupeza. Zimatheka, ambiri amapita. Koma pa ulendo woyamba, ndalama zili zochepa, sindiona chifukwa chothamangira mizinda isanu m'masiku asanu pamene mapiri ali pakhomo. Kuchoka pakati pa Glasgow kukafika poyambira West Highland Way, m'tauni ya Milngavie, sitima siikwanitsa theka la ola, ndipo palibe amene amakufunsa chikalata.

Njirayo ndi yotani?

Ndi ya makilomita 154, kuchokera ku Milngavie kukathera ku Fort William. Anaitsegula mu 1980, ndipo ndiyo inali yoyamba mwa njira zazitali zovomerezeka ku Scotland. Anthu ambiri amaiyenda sabata imodzi, othamanga masiku asanu. Kusochera n'kovuta chifukwa m'mphambano muli timitengo tokhala ndi chizindikiro cha duwa laminga lija limene limaimira dziko la Scotland.

Tsiku loyamba ndi la m'minda ndi m'makola a nkhosa, ndipo limanamiza. Ukadutsa mudzi wa Drymen umakwera kaphiri ka Conic Hill, kotalika mamita 361, n'kuona nyanja ya Loch Lomond ndi tizilumba take tandanda m'munsi. Kuyambira apo njira imatsata gombe la kum'mawa kwa nyanjayo. Chigawo cha pakati pa Inversnaid ndi Inverarnan pa mapu chimaoneka chosalala, chifukwa palibe phiri, koma ndicho chimaliza anthu: miyala yoterera, mizu ya mitengo, matope, kukwera pang'ono kutsika pang'ono, mwendo osaponda pofanana ngakhale kawiri. Ukatuluka pamenepo umadutsa kufupi ndi Crianlarich, kenako Tyndrum ndi Bridge of Orchy, n'kulowa m'chidambo chachikulu cha Rannoch Moor. Patsogolo pake pali chikweza cha Devil's Staircase, pamwamba penipeni pa njira yonse, mamita pafupifupi 550, chomwe ndi mbali ya msewu umene asilikali anakonza cha m'ma 1750. Ukatsikira ku Kinlochleven latsala tsiku limodzi.

Ife takula tikuyenda wapansi, kusukulu, kuchigayo, kumsika. Mamita 550 n'chiyani kwa munthu wodziwa Mulanje?

Pa miyendo mukunena zoona. Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse ku Britain, ndi mamita 1,345. Sapitwa ndi 3,002. Ngakhale phiri la Zomba limaliposa kutali. Munthu wozolowera kupita kuchigayo ndi thumba la chimanga pamutu sangadandaule mtunda wa kumeneko.

Chimene sitinachizolowere ndi kunyowa kophatikizana ndi mphepo yozizira. Kwathu mvula ikakunyowetsa, dzuwa limatuluka n'kukuumitsa. Kumadzulo kwa Scotland chiperoni chimatha kugwira masiku atatu osalekeza, mwezi wa June womwewo, mphepo ikuomba pamalo opanda mtengo wobisalapo. Malaya athonje ndi jinzi zikanyowa siziuma, zimakakamira pathupi n'kumakuchotsa kutentha pang'onopang'ono. Munthu amayamba kunjenjemera, zala zimakanika kutsegula zipi, kenako amapunthwa pena paliponse, mawu amatuluka ngati waledzera, ndipo choopsa n'chakuti mwiniwake sazindikira kuti zavuta. Amangoti watopa, akhale pansi pang'ono. Ukaona mnzako wafika pamenepo, m'bise kumphepo, m'vule zonyowa, m'veke zouma, m'patse chakumwa chotentha cha shuga, ndipo ulendo wa tsikulo uthere pomwepo.

Kusiyana kwina n'kwakuti ku Mulanje umayambira pa Likhubula ndi wokulondolera njira, mwinanso wokunyamulira katundu, ndipo ukafika pa nyumba za pamwamba umapeza mlonda wokusonkhera moto ndi kukutungira madzi. Ku West Highland Way mlondoleri ndiwe, wamtengatenga ndiwe, wophika ndiwe. Alipo makampani onyamula zikwama pa galimoto n'kukakusiyira kumene ukagone, koma ndi a ndalama, ndipo wophunzira nthawi zambiri amangowaona akudutsa.

Ndiye ndinyamule chiyani, ndipo ndizipeza kuti popanda kumaliza ndalama ya lendi?

Oyenda maulendo otere amati chikwama chisapose gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa mwini wake. Wa makilogalamu 60 asapitirire 12. Pachipinda chikwama chilichonse chimapepuka. Yesani kuchisenza kuzungulira paki maola awiri musananyamuke, mudzatulutsa nokha buku lija ndi nsapato zachiwiri zija.

Zosasiyika ndi izi: jekete ndi buluku zosalowa madzi, juzi yaubweya, masokosi aubweya, chipewa ndi magolovesi ngakhale ili nyengo yotentha, tenti, chikwama chogonamo, kamphasa koyala pansi, kambaula ka gasi ndi kapoto. Zovala zogonera muzikulunge m'jumbo yaikulu ya zinyalala musanaziike m'chikwama, ndipo musazivale masana zivute zitani. M'mawa mumavalanso zonyowa zadzulo. Zimawawa mphindi khumi zoyamba, koma usiku mumagona mouma.

Zambiri mwa izi sizifuna kugula zatsopano. Mayunivesite a kumeneko ali ndi magulu a ophunzira okwera mapiri, ndipo ambiri amabwereketsa tenti ndi zikwama kwa mamembala. Kaunjika nakonso aliko, m'masitolo a mabungwe achifundo, ndipo ife pa luso losankha palibe angatiphunzitse. Nsapato zokha ndizo musatchipire. Zigulidwe mwezi wathunthu ulendo usanafike, muzipita nazo kukalasi tsiku ndi tsiku mpaka zizolowere phazi. Anthu ambiri amene amasiyira panjira sawagonjetsa mapiri, amawagonjetsa matuza. Mukamva pena pakutentha kuchidendene, imani nthawi yomweyo, vulani, matanipo pulasitala, ngakhale anzanu akukusiyani.

Kamba ndi phala la oats, chiponde, mtedza, buledi, tchizi, ma noodles ndi masamba a tiyi. Ufa ulipo m'masitolo a zakudya za ku Africa ku Glasgow, koma nsima imadya gasi wambiri ndipo kapoto kake kamavuta kutsuka ndi madzi ozizira a mumtsinje. Musasenze chakudya cha sabata yonse, pogula palipo ku Drymen, Balmaha, Crianlarich ndi Tyndrum. Ku Tyndrum ndiye gulani mokwanira, chifukwa kuchoka apo mpaka Kinlochleven, makilomita 45, mumangopeza mahotela ndi malo odyera, ndipo mitengo yake ndi ya alendo oona malo.

Kumanga tenti pamalo a mwini, sangakuitanire apolisi?

Apa Scotland ndi yosiyana ndi England. Lamulo la mu 2003 lokonzanso za malo linapatsa anthu ufulu woyenda, ngakhale kugona m'tenti usiku umodzi kapena uwiri, pafupifupi paliponse, malinga ngati sakuononga. Sulowa pabwalo la nyumba ya munthu, supondaponda mbewu, geti la khola ukalipeza lotseka umalitsekanso, zinyalala zako umanyamula. Kudzithandiza ndi kutali ndi madzi, mamita 30 kapena kuposa, n'kukwirira. Ufuluwu ndi wa aliyense amene ali m'dzikomo, mlendo yemwe.

Pali malo amodzi ochenjera nawo. M'mbali mwa Loch Lomond, kuyambira March mpaka September, pali zigawo zimene tenti imamangidwa pamalo osankhidwa okha kapena ndi chilolezo chogula pa intaneti. Anachita izi anthu atanyanya kusiya mabotolo ndi kudula mitengo. Zikwangwani zimaonetsa poyambira ndi pothera.

Kupatula tenti pali tinyumba tamiyala totchedwa bothy, tosakhoma, taulere, tosamalidwa ndi anthu ongodzipereka. Pa gombe la nyanjayi pali tiwiri, Rowchoish ndi Doune Byre. Mulibe magetsi, madzi kapena chimbudzi, muli pogona pathabwa ndi poyatsa moto. Lamulo lake n'loti wobwera mochedwa sabwezedwa, mumathinana. Ndipo pali mahositelo, monga a ku Rowardennan, Crianlarich ndi Glen Nevis, momwe mumagona anthu angapo osadziwana m'chipinda chimodzi cha mabedi osanjikiza. Langizo langa n'loti usiku umodzi wa pakati pa ulendo ukhale wa muhositelo. Muli chipinda choumitsira zovala. Fungo la m'menemo, nsapato makumi angapo zonyowa zikutenthedwa pamodzi, silifotokozeka, koma m'mawa masokosi ouma amakubwezera umunthu.

Nanga zilombo?

Kulibe fisi, kulibe kambuku, mimbulu inatha zaka mazana apitawo. Njoka yaululu ndi imodzi yokha, adder, ndipo imathawa munthu. Agwape mumawaona, makamaka cha ku Kingshouse, ena osaopa n'komwe. Ng'ombe yokhala ndi mwana ipatseni njira.

Mdani weniweni ndi kachirombo kakang'ono kwambiri, kotchedwa midge. Amene anaona nkhungu zikutuluka pa nyanja ya Malawi ngati utsi aganize mtambo womwewo, koma kachirombo kalikonse kakuluma. Tizirombo timeneti timayamba kumapeto kwa May, timachuluka mu July ndi August, ndipo timakonda m'mawa ndi madzulo kukakhala bata. Sitipereka malungo kapena matenda ena, koma ndinaona bambo wamkulu ndi ndevu zake akuthawa kusiya tiyi pambaula. Kaneti kovala kumutu n'kotchipa, gulani ka mabowo ang'onoang'ono chifukwa ka udzudzu timadutsa. Tenti mangani pamtetete pomwe pakupita mphepo, osati m'munsi mwa mitengo pafupi ndi madzi, ngakhale pakuoneka pabwino.

Choopsa pa thanzi ndi nkhupakupa, zomwe zimafalitsa matenda a Lyme. Dzifufuzeni madzulo aliwonse, kuseri kwa mawondo, m'chiuno, m'khwapa. Pa khungu lakuda kachirombo ndi chizindikiro chake chofiira sizioneka msanga, ndiye papasani ndi zala. Mukadwala malungo a mtundu uliwonse masabata otsatira, auzeni adokotala kuti munali kutchire.

Munthu wakuda, mwinanso ali yekha, amamulandira bwanji kumeneko?

Nkhope zakuda panjirayi n'zochepa, ndipo mukalowa m'bala ya kumudzi mitu imatembenuka. Zimenezo zilipo. Koma chinandidabwitsa n'chakuti anthu omwe aja amene mumzinda amakudutsa pamasitepe osakuyang'ana, kuphiri amapereka moni. Aliyense. Pakutha masiku awiri mwadziwana ndi onse amene munanyamuka tsiku limodzi, chifukwa mumapitirirana, kupezana pa mlatho, kubwerekana pulasitala. Anthu a ku Netherlands ndi ku Germany ndi ambiri zedi. Macheza amene chaka chonse amakanika m'kalasi amayamba okha pamene nonse mwanyowa mofanana.

Kwa Mmalawi pali chinanso. Ukatchula kwanu ku Scotland, kawirikawiri sayamba kufunsa kuti kuli kuti. David Livingstone anabadwira ku Blantyre wa kumeneko mu 1813, kufupi ndi Glasgow, ndipo Blantyre wathu anatengera dzina pamenepo. Kamuzu Banda anaphunzira udokotala ku Edinburgh. Maboma awiriwa anasainirana pangano la ubale mu 2005, ndipo mipingo ndi masukulu ambiri ali ndi anzawo kuno. Bungwe la Mary's Meals, lomwe linayamba kuphikira ana phala m'Malawi mu 2002, likulu lake lili ku Dalmally, mudzi womwe suli kutali ndi Tyndrum. Ndiye musadabwe gogo wina akakugwirani dzanja n'kuyamba kukamba za Ekwendeni kapena Mulanje Mission. Zimasangalatsa, ngakhale nthawi zina zimatopetsa, chifukwa Malawi amene ambiri amamudziwa ndi wolandira thandizo, ndipo umapezeka ukuthokoza m'malo mwa dziko lonse pamene umangofuna supu.

Atsikana oyenda okha ndinakumana nawo ambiri. Komabe pa ulendo woyamba, wamkazi kapena wamwamuna, kuyenda awiri n'kwabwino, ndipo wina wotsala mumzinda adziwe kumene mukugona usiku uliwonse.

Pa zithunzi dzikolo likuoneka lopanda anthu. Anthu ake ali kuti?

Funso ili limabwera lokha ukafika pa Rannoch Moor. Kwathu sungayende ola osamva tambala, osaona utsi kapena mwana woweta mbuzi. Pamenepa umayenda theka la tsiku pamsewu wakale wamiyala, uku ndi uku madzi akuda m'zithaphwi, udzu wofiirira, mapiri ali kutali, popanda nyumba. Pa chidambo chenichenicho anthu sanakhalepo ambiri, nthaka yake ndi yosalimika. Koma m'zigwa zambiri za kumpoto kwa Scotland munali midzi. Kuyambira cha m'ma 1750 mpaka cha m'ma 1860 eni malo anasamutsa mabanja ambirimbiri, ena mokakamiza, pofuna kuweta nkhosa zomwe zinkapindulitsa kuposa alimi olipira lendi. Ena anapita m'mafakitale a ku Glasgow, ena anakwera zombo kupita ku Canada, America ndi Australia. M'mbali mwa Loch Lomond ukayang'anitsitsa m'tchire umaona mabwinja, makoma amiyala ofika m'chiuno, ndere zitamera, mtengo utaphuka pakati pa chipinda.

Alendo ambiri amajambula malo amenewa n'kumati ndi chilengedwe chosakhudzidwa. Munthu wochokera ku Thyolo kapena ku Mulanje, amene agogo ake anagwira thangata pa minda ya azungu, amaziona mwina. Nkhani ya mwini malo, mlimi wopanda chikalata ndi mbewu kapena chiweto chopindulitsa kuposa munthu timaidziwa. Ine m'kalasi sindinaimve, ndinaiona ndi maso panjira.

Kumudzi akaona zithunzi sanena kuti ndalama zachuluka?

Anena. Chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp uli pamwamba pa phiri chimabala mauthenga a fizi, feteleza ndi malata. Sangadziwe kuti wagona pansi ndipo wadya phala sabata yonse. Zoona zake n'zakuti ulendo wa tenti ndi umodzi mwa yotchipa kwambiri imene munthu angayende ku Britain. Viza ya wophunzira digiri imalola ganyu ya maola 20 pa sabata nthawi ya sukulu, ndipo kusunga pang'onopang'ono kuyambira January kumakwanira. Khadi ya sitima yotchedwa 16-25 Railcard imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti, ndipo wophunzira wopitirira zaka 25 amaloledwanso kuigula akaonetsa umboni wa kuyunivesite. Za zithunzi aliyense aone yekha. Ine ndinayamba ndatumiza ya feteleza.

Zikavuta pakati pa njira?

Imbani 999, pemphani apolisi, kenako nenani kuti mukufuna opulumutsa anthu kumapiri. Ndi anthu ongodzipereka ndipo salipiritsa. Kuchipatala nakonso musaope, ndalama ya zaumoyo imene munalipira popempha viza, mapaundi 776 pa chaka kwa wophunzira, ndi ya zimenezi. Netiweki imasowa m'zigawo zina, makamaka kumpoto kwa Loch Lomond, ndipo batire limatha msanga kukazizira, choncho mapu apepala akhale m'thumba.

Zambiri sizifika poitana thandizo. Bondo likatupa kapena mvula ikakugonjetsani, ku Crianlarich, Tyndrum ndi Bridge of Orchy kuli masiteshoni a sitima, ndipo mabasi a pakati pa Glasgow ndi Fort William amadutsa mumsewu wa A82 womwe njirayi imakumana nawo kangapo. Anthu ambiri a komweko amaiyenda m'zigawo, chaka chino theka, chaka chamawa theka.

Ndikafika ku Fort William, ndikwerenso Ben Nevis popeza ndili pomwepo?

Ambiri amanyamuka ndi maganizo amenewo, ochepa amawakwaniritsa. Njira imathera pakati pa tauni, pa benchi pomwe pali chiboliboli cha munthu wokhala pansi akusisita phazi, ndipo amene anachiumba ankadziwa chimene akunena. Ben Nevis ndi wamfupi poyerekeza ndi Sapitwa, koma umayambira pafupifupi pa gombe la nyanja, ndiye mamita onsewo ndi a miyendo yako, maola asanu ndi awiri kapena kuposa kupita ndi kubwera. Pamwamba pake masiku ambiri pamakhala chifunga, chipale chimatha kukhalapo mpaka June, ndipo kumpoto kwake kuli phompho. Ngati nyengo yalosedwa bwino, mwapuma tsiku limodzi ndipo mapazi alibe zilonda, siyani chikwama kuhositelo ya Glen Nevis mulawire m'mamawa. Apo ayi, lisiyeni. Sitima yobwerera ku Glasgow imatenga maola pafupifupi anayi ndipo imadula pakati pa Rannoch Moor, m'zigawo zimene kulibe msewu wa galimoto. Nyengo yotentha imadzaza, tikiti mugulire tsiku lomwe mukunyamuka ku Milngavie.